Kachomera ka m'dambo



Inu amene mwalawirira kudimba, yendani pang'onopang'ono m'mphepete mwa dambo. M'madambo a kuno ku Zambia, pamalo posauma chaka chonse, pamamera kachomera kofiirira kamene akatswiri a zomera amati Drosera madagascariensis. Tsinde lake ndi lowonda, likatalika limatsamira udzu.

Mukakapeza, weramani. Tsamba lililonse lili ndi tiubweya, ndipo kunsonga kwa kaubweya kalikonse kuli kadontho kowala. Mungayese mame. Koma dzuwa likakwera mame amauma, timadontho iti ayi. Timamata ngati ulimbo. Kaudzudzu kakaterapo, basi kakodwa. Tiubweya timapinda mwakachetechete, tsamba n'kuyamba kugaya chakudya chake. Dothi la pamenepo ndi losauka, ndiye chimene mizu yasowa pansi, masamba amachipeza m'mwamba.

Amene amakasamalira m'chitini amakathirira madzi a mvula okha, n'kukaika padzuwa. Ukakamvera chisoni n'kukathira feteleza kapena manyowa, mizu imapsa, kachomera n'kufa. Chonsecho ndi zomwezo zimene zimakondweretsa chimanga.

Izi zimandikhudza mtima. Nafenso pakhomo timapereka chimene ife taona kuti n'chabwino. Agogo timawatumizira ndalama pafoni, pamene iwo akulakalaka wina wokhala naye pakhonde. Mwana timamuchulutsira malangizo, pamene iye akungofuna kuti timumvetsere.

Lero, musanathandize munthu, yambani mwamufunsa kuti, "Kodi mukusowa chiyani?" Ndipo dikirani ayankhe.

Muyende bwino, tsiku labwino.