Backup yosayesedwa siidalirika

Pa 31 Januwale 2017, injiniya wina wa kampani ya GitLab anafufuta mafayilo a database ya PostgreSQL pa seva yaikulu, akuganiza kuti ali pa seva yachiwiri. Pomwe ankazindikira, n'kuti pa deta ya pafupifupi 300 GB patangotsala 4.5 GB yokha. Ambiri akamva nkhaniyi amafulumira kuloza chala injiniyayo. Ine ndikuti vuto linayamba kale, iye asanakhudze n'komwe kompyuta.

Kampaniyi inali ndi njira 5 zotetezera deta, koma tsikulo panalibe yomwe inkagwira ntchito modalirika. Pulogalamu ya pg_dump yomwe inkayenera kukopera deta inali ya mtundu wa 9.2 pomwe database inali ya mtundu wa 9.6, choncho inkangolephera, ndipo maimelo ochenjeza za kulepherako sankafika kwa aliyense. Chinawapulumutsa ndi kope lomwe linatengedwa maola 6 m'mbuyomo pa ntchito ina. Kubwezeretsa kunatenga maola pafupifupi 18, ndipo maakaunti atsopano pafupifupi 700 anatayika.

Komatu kufufutika kwa deta kuli bwino chifukwa kumadziwika nthawi yomweyo. Choopsa ndi deta yowonongeka mwakachetechete, disiki kapena memory ikayamba kulemba zolakwika. Zili ngati anankafumbwe m'thumba la chimanga: kunja thumba lili bwinobwino, ukadzamasula mu Januwale upeza fumbi lokhalokha. Backup ya usiku uliwonse imakopera zowonongekazo mokhulupirika, ndipo ngati mumasunga makope a sabata imodzi yokha, kope labwino limakhala litafufutika kale.

Zida zothandiza zilipo. Kuyambira mtundu wa 9.3, PostgreSQL ili ndi checksum yodziwitsa pamene tsamba la deta lasokonekera, ndipo mukamasunga kope lathunthu la database pamodzi ndi mafayilo a WAL, omwe amalemba kusintha kulikonse kwa deta, mutha kubweza database pa mphindi yomwe ngozi inali isanachitike. Vuto likadziwika, choyamba ndi kuimitsa seva n'kukopera mafayilo onse momwe alili, musanayambe kukonza, chifukwa kukonza mwaphuma kumapha ndi zomwe zikanapulumuka.

Ena amadandaula kuti kuyesa backup n'kodya nthawi ndi ndalama. N'zoona, koma mu database muli malipiro a antchito, mbiri ya odwala ndi ngongole za anthu. Bungwe lililonse lisankhe munthu mmodzi wodziwika ndi dzina, woti mwezi uliwonse azibwezeretsa database pa seva ina, n'kutsimikiza kuti deta ilimo yonse ndipo ikuwerengeka. Ntchito yosiyira aliyense sigwiridwa ndi munthu.