Lachitatu: Chopereka cha Kumtsinje

Werengani Yeremiya 29:4-7. Kodi Mulungu anawauza andende a ku Babulo kuti achite chiyani, ndipo anapereka chifukwa chotani?

Kalata imeneyi inapita kwa Ayuda amene Nebukadinezara anawatenga m'chaka cha 597 Khristu asanabadwe. Ena a iwo, monga Ezekieli, anakhala m'mphepete mwa mtsinje wa Kebara. Hananiya anali kulalikira kuti ukapolo utha pasanathe zaka ziwiri (Yer. 28:3, 4), ndipo munthu amene wamanga kale katundu wa ulendo sakumba dzenje la mtengo. Yeremiya anati zaka zidzakwana 70. Motero amange, alime, ndi kufunira zabwino mzinda wa anthu amene anawagwira.

Tiyerekeze kuti m'tauni yaing'ono ngati Liwonde komiti ya chitukuko ikuyenda ndi buku, kupempha banja lililonse kuti lisonkhe ndalama zokonzera gombe la Shire: kuchotsa zinyalala, kubzala nsungwi, mibawa ndi udzu wa vetiva, ndi kuika mipando yopumirapo pamthunzi. Akafika pakhomo pa wa Adventisti, yankho lina limene limamveka ndi lakuti, "Yesu ali pafupi kubwera, tikongoletserenji dziko loti lidzapsa?" Mauwa akumveka auzimu, koma kawirikawiri ndi kuumira chabe kumene kwavala chovala cha chikhulupiriro. Chiyembekezo chathu si cha Hananiya, pakuti Wolonjezayo sanama. Komabe tsikulo sitilidziwa, ndipo akapolo a m'fanizo anauzidwa kugwira ntchito kufikira mbuye wawo atabwera (Luka 19:13).

Yerekezani Chivumbulutso 14:7 ndi 11:18. Nchifukwa ninji mngelo woyamba akutchula akasupe a madzi?

Uthenga umene timaunyadira umaitana anthu kuti alambire Mlengi wa akasupe. Nkovuta kuulalikira titaima pagombe limene ife tomwe timatayapo mapepala apulasitiki. Ndiponso ntchitoyi si yamaluwa okha ayi. Mizu ya nsungwi ndi vetiva imagwira dothi. Gombe likakhala lambee, mvula imalikokolola, ndipo matope amapita kukadzaza madamu a Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumene kumachokera magetsi ambiri a dziko lino. Amene anaona madzi a namondwe Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023 safunika kuwafotokozera mphamvu ya mtsinje wosefukira. Kumtsinje nkomwe timabatiza, monganso Paulo anapezera Lidiya ndi akazi ena akupemphera kumtsinje wa ku Filipi tsiku la Sabata (Mac. 16:13, 14).

Pali malire awiri oyenera kuwasunga. Chakhumi nchopatulika (Lev. 27:30), ndipo sichipita m'buku la komiti ngakhale ntchitoyo ikome bwanji, msonkho wa kumtsinje uchokere pa zotsala m'dzanja lathu. Malire achiwiri ndi ovutirapo, chifukwa maulendo a ndawala opezera ndalama ndi ntchito za chitukuko kawirikawiri amaziika Loweruka. Sitidzagwira khasu pa Sabata. Koma kungokana, nkukhala chete sabata yonse, kumaphunzitsa anansi athu kuti lamulo lachinayi ndi pobisalira aulesi, chikhalirecho lamulo lomwelo limanenanso za masiku 6 ogwira ntchito. Akulu a mpingo apite kwa komiti nthawi ikadalipo, afotokoze mwaulemu, apemphe chigawo chawochawo cha gombe, ndipo Lamulungu m'mawa afike ndi makasu, mbande ndi achinyamata onse.

Wopereka ali ndi ufulu wofunsa za kayendedwe ka ndalama. Paulo yemwe sanafune kunyamula yekha mphatso ya ku Yerusalemu, koma anayenda ndi mbale wosankhidwa ndi mipingo (2 Akor. 8:18-21). Pemphani risiti, ndipo funsaninso amene adzasamalire mitengoyo, pakuti mbande zobzalidwa mu Januwale zimafa ndi mbuzi ndi moto wolusa mu Okutobala.

Kodi ndi mtsinje uti umene mpingo wanu umabatizamo, ndipo ndani anausamalira chaka chathachi?