Mtundu umene sunali m'duwa

Anzanga onse agona, ine ndatsala patebulo ndi kabotolo ka mafuta a chamomile. Ndadonthetsa dontho limodzi pasosala yoyera, ndipo dontholo ndi la buluu wozama ngati inki, pamene duwa lake ndi loyera m'mbali, lachikasu pakati, lopanda buluu ngakhale pang'ono.

Mafutawa anatchezedwa monga amatchezera kachasu: nthunzi imadutsa m'maluwa, imanyamula fungo, imazizira m'paipi n'kuyamba kudontha. Koma nthunzi imawotcha. M'duwamo muli kanthu kopanda mtundu kotchedwa matricin, ndipo kakapsa ndi kutenthako kamasanduka chamazulene, mwini wake wa buluuyu. Ndiye kuti chimene ndakhala ndikuchiyamikira zaka zonsezi ndi chipsera cha moto.

Pali njira ina, yofatsa, imene yandisowetsa tulo. Amatenga carbon dioxide, mpweya womwewu umene ndikutulutsa popuma, n'kuutsekera m'thanki yachitsulo pamodzi ndi maluwa ouma. Akaufunditsa kupitirira madigiri 31, kutentha kumene ku Chikwawa mu Okutobala sangakutche kutentha, n'kuupanikiza kuposa ka 73 kuyerekeza ndi mmene mpweya wa panja umatipanikizira, umasiya kukhala mpweya, koma osakhalanso chamadzimadzi. Umalowerera m'timibowo ta duwa ngati mpweya, umasungunula mafuta ngati chamadzimadzi, ndipo akachepetsa kupanikizako umabwerera mwakale n'kuchoka mwakachetechete, kusiya mafuta pansi, osasiyapo kanthu kake. Otuluka m'menemo sakhala a buluu. Amakhala okhuthala, achikasu chobiriwira, fungo lake lili pafupi ndi la duwa lili kumunda.

Ndimakonda kuti mkhalidwe wa pakatikatiwu unayamba kudziwika ndi khutu. Mu 1822, ku France, Cagniard de la Tour anatsekera zamadzimadzi ndi kamwala mu mpope wachitsulo, n'kumautenthetsa uku akuupendeketsa, akumvetsera kamwalako kakuchita khuvu. Atafika pa kutentha kwina, khuvu uja anatha. Munalibenso malire pakati pa zamadzimadzizo ndi nthunzi oti kamwala kawombepo. Munthu kuzindikira chinthu chachikulu chotere chifukwa phokoso laleka!

Tsono ndikudzifunsa, Ambuye, kapena ndikufunsa Inu, kuti mafuta enieni a duwali ndi ati: awa amene moto unawapatsa mtundu, kapena aja amene mpweya wa ulemu unawatulutsa osawasintha? Pali zina mwa ine zimene anthu amaziyamikira, kudekha kwinakwake, kusalankhula msanga pamaliro, zimene ndikudziwa kuti sindinabadwe nazo, zinabwera ndi zaka zotentha zimene sindingafune kuzibwereza, ndipo sindidziwa ngati ndizitche zanga kapena za motowo. Ndikadatengedwa mofatsa, mwina ndikadanunkhira monga munandipangira. Mwinanso palibe akadaima kuti andiyang'ane.

Dontho lija layamba kufalikira m'mphepete mwa sosala. Ndalikhudza ndi chala, chala chada buluu, ndipo sindinadzuke kukasamba.