Mkango pa cikuto

Mng'ono wanga amaimba. Atatsiliza kujambula nyimbo zisanu ku situdiyo ina ku Matero, anandionetsa cikuto ca cimbale cake pa foni. Iye ali pakati, kumbuyo kuli galimoto imene si yake, ndalama zikuuluka, moto, mkango, manambala awili a foni ndi maina a anzake onse. Ndinamuuza kuti acotseko zina. Iye anati, "Akulu, anthu adzati ndinalibe ndalama yolipila wojambula."

Yankho limeneli landisowetsa tulo, cifukwa sananame.

Mu 1968 a Beatles anatulutsa cimbale ca cikuto coyela mbee. Richard Hamilton, amene anacikonza, anangosiyapo dzina la gulu ndi nambala. Mu 2013 Kanye West anagulitsa Yeezus m'kabokosi koonekela mkati, kopanda cithunzi, kokhala ndi kapepala kofiila cabe. Anthu a ku London ndi New York anati ndi luso. Ine nditakaona ndinaseka. Ndiwo ma CD amene tinali kugula ku Soweto Market, olembedwa ndi maka pamwamba. Caka comweco kuno ku Zambia boma linayamba kumata hologalamu pa zimbale kuti zenizeni zidziwike. Cinthu cimodzi: kwa Kanye ndi luso, kwa mnyamata wa pa kantemba ndi mlandu.

Ndiye funso langa ndi ili. Kodi munthu wa m'komboni ali ndi ufulu wosiya malo opanda kanthu?

Tinakulila m'cipinda cimodzi ku Kanyama. Pansi pa bedi panali mapoto, pamwamba pa kabati masutikesi, pa cipupa kalenda ya zaka zitatu zapitazo. Amai sanali kulola cipupa kukhala cabe. Kwa ife malo opanda kanthu anali kutanthauza kuti katundu wagulitsidwa, kapena mwini nyumba watenga wailesi cifukwa ca lendi. Wolemela akasiya cipinda ciliko mpando umodzi, alendo amadziwa kuti wasankha. Ife tikatelo amayamba kutimvela cifundo. Conco sindingamunyoze mng'ono wanga. Mkango uja akudziteteza nao.

Koma pali cimene cimandiwawa. Galimoto ija ndi bodza, ndipo nyimbo zake si zabodza. Ina imakamba za madzi amene amalowa m'nyumba mvula ikagwa ku Kanyama, mmene tinali kukwezela matilesi pa tebulo usiku. Munthu woona cikuto cija adzayembekezela nyimbo za kudzitama, ndipo amene akanaikonda nyimbo ya madziyo adzapitilila osaitsegula. Pa foni cikuto ndi kacinthu kocepa ngati cikhadabo, ndipo zinthu khumi zikaunjikana pamenepo palibe cooneka. Kudzaza kumene amati kumabisa umphawi kwabisa iye mwini.

Kusiya mpata kumafuna kukhulupilila kuti cimene watsala naco cikwanila. Cikhulupililo cimeneci olemela amacipeza mosavuta, ife timacigula modula, ndipo nthawi zina timasekedwa naco. Sindinganene kuti ndi mlandu kucisowa. Ndinangomufunsa kuti asankhe yekha, mantha asamusankhile.

Sabata yatha ananditumizila cikuto catsopano. Galimoto yacoka, ndalama zacoka. Patsala cipupa ca nyumba yathu yakale, ndi mzele wakuda pamene madzi anafika. Mkango wakana kuucotsa. Uli pakona, waung'ono.