Wosunga Mabuku ndi Nzeru ya Pakhomo

Aliyense wodutsa pa Northmead m'mamawa, pamene maminibasi a mumsewu wa Great East akunyamula anyamata ndi asungwana, ena olowera kum'mawa ku Yunivesite ya Zambia, ena olowera m'tauni ku Evelyn Hone College, angayese kuti ana opambana mayeso ovuta chotere safunanso mlangizi. Koma amene anaona momwe ndalama ya chakudya, ija boma linachotsa mu 2019 n'kuibwezeranso mu 2023, imasungunukira m'manja mwa ena mwezi usanafike pakati, kufikira mwana wa eni akagwada kwa wokongoza kaloba, adziwa kuti kukhoza mayeso n'kwina, kudzisunga n'kwinanso.

Tsono funso lathu ndi ili: kodi n'koyenera kuti wosunga mabuku wa pakoleji aziphunzitsa kagawidwe ka ndalama, kawerengedwe ka pangano la lendi, ndi kalembedwe ka kalata yofunsira ntchito, monga achitira anzake ena ku America, amene afika ngakhale pa kuphika ndi kusoka batani?

Alipo akuluakulu olemekezeka amene akana. Iwo akuti laibulale ya yunivesite, yotsegulidwa mu 1969, patapita zaka zitatu chiyambire yunivesiteyo, anaimangira zinthu zakuya, ndipo kuti mwambo wa pakhomo eni ake ndi makolo, atsibweni, anamkungwi ndi mpingo. Mawuwa ali ndi mutu, sitingawapeputse. Koma atsibweniwo ali ku Katete kapena ku Petauke, mphala inagwa kalekale, mpingo umamuona mwanayo Lamulungu lokha, ndipo iye, wogona m'kachipinda kalendi ku Kalingalinga, nyumba imene amakhalamo nthawi yaitali ali maso ndi ya mabuku. Makolo athu poti mwana wa mnzako ngwako yemwe, sanapatulepo munthu chifukwa cha ntchito yake.

Ngakhale Malembo Oyera salekanitsa nzeru ya m'mutu ndi ya m'manja monga tichitira ife ophunzira. Buku la Miyambo, limene tonse timalitcha la nzeru, silichita manyazi kukamba za kuperekera mlendo chikole, za miyeso yonyenga pamsika, za waulesi ndi nyerere; ndipo Paulo, wophunzitsidwa ndi Gamaliyeli, sanayese chinthu chonyozeka kusoka mahema ku Korinto kuti asalemetse munthu. Ngati Mulungu anampatsa munthu mzimu ndi thupi pamodzi, maphunziro odyetsa chimodzi n'kusiya chinzake ndi njala ali opereweradi, ngakhale atavala mkanjo ndi chisoti.

Komabe ndisapitirire malire. Wosunga mabuku mphika ausiyire ena. Mphatso yake ya wosunga mabuku ndiyo kuyesa mawu olembedwa, kufunsa amene anawalemba, chimene anawalembera, ndi amene apindule tikawakhulupirira. Luso limene limasiyanitsa buku lodalirika ndi lachabe ndi lomwelo limene likanampulumutsa wophunzira posaina pepala la ngongole ya Higher Education Loans and Scholarships Board asanamvetse kabwezedwe kake, poona malonda a kubetcha olonjeza chuma cha usiku umodzi, kapena polandira pa WhatsApp uthenga wa mankhwala osadziwika, monga m'masiku a kolera a 2024, pamene bwalo la National Heroes linasanduka chipatala. Safunsa anadya phula. Ndipo ndani m'koleji yonse amene ntchito yake ndiyo kuyankha wofunsa popanda kumpatsa malikisi kapena kumuweruza?

Chitsanzo sichili kutali. Ku Garden, moyandikana ndi Northmead yemweyu, bungwe la Lubuto linatsegula laibulale pasukulu ya Ngwerere mu 2010, ndipo kumeneko ana, pamwamba pa kuwerenga, amalandira uphungu, amachita zisudzo, amajambula ndi kuphunzira kompyuta, koma mabuku sanachepe ulemu chifukwa cha zimenezo.

Chifukwa chake, inu osunga mabuku a m'makoleji athu, pamene muonetsa ophunzira atsopano kapezedwe ka mabuku kumayambiriro kwa chaka, patulani ola lina lowerenga nawo pepala la ngongole ndi pangano la lendi mzere ndi mzere, ndipo pa zimene zikuposani, itanani akulu a mpingo, anamwino ndi odziwa malamulo adzakhale nanu.