Kodi Cifundo Cingathe Kupha?

Makolo athu anati cifundo cinapha nkhwali. M'mwambi umenewu wakufa ndiye mwini cifundo. Koma ife lero tifuna kufunsa funso lina: kodi cifundo cingathe kupha iye amene timcitira cifundoco? Tiyeni tipite kudimba ndi kuseri kwa nyumba kumene tiika mbande zathu, kuti izo zitiyankhe.

Taonani kamtengo ka mango kapena ka ndimu kali mumphika wakale. Miyezi ya Juni ndi Julayi kuli cisanu, ndipo dothi siliuma msanga. Koma ife pokakonda tikathirira m'mawa ndi madzulo monga ticita pa Okutobala. Masamba akayamba kusanduka acikasu tiyesa kuti kamva ludzu, ndipo tionjezanso madzi. Tiiwala kuti mizu nayo ipuma mpweya wa m'dothi, ndi kuti madzi akaima mumphika mizuyo ibvunda. Mphika wopanda ciboo pansi pace ndiwo manda a mbande. Mlimi wanzeru ayamba wapisa cala m'dothi. Akapeza cinyezi abwerera ndi mtsuko wace.

Comweconso ndi mthunzi. Mbande yongomera kumene ifuna kacisakasa ka udzu. Koma tikaisunga momwemo kufikira tsiku lakuioka, dzuwa lidzaiwaula msanga, pakuti sinazolowere. Cifukwa cace patatsala milungu iwiri kapena itatu ticotse udzu pang'ono pang'ono, ndi kucepetsa madzi, kuti tsinde likhwime. Ndiponso pabedi la mpiru kapena la kabichi, zikamera zothithikana, tiyenera kuzula zina zingakhale ziri zabwino. Mtima uwawa pozizula, koma amene azimvera cisoni zonse sadzathyola ndiwo, popeza zonse zidzaonda pamodzi.

Kapena wina adzati, Ngati kusamala kupha, tingoleka mitengo ikule yokha monga ya m'thengo. Iai, pamenepa pali kulakwa kwina, ndipo nkwakukuru. M'dziko lathu la Malawi nyengo yobzala mitengo iyamba pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo, ndipo miyezi imeneyo tonse tiri acangu, popeza mvula itigwirira nchito. Nanga pa Seputembala ndi Okutobala tiri kuti? Ndiyo nthawi imene mbuzi zisowa msipu nizikudya nsonga za timitengo, ciswe cilowa ku mizu youma, ndipo moto wa osaka mbewa utsiriza zotsala. Pamenepo kamtengo kafuna mpanda wa minga, ndi khwawa laling'ono lozungulira losunga madzi, ndi udzu wophimbira nthaka, koma wosakhudza tsinde, kuti ciswe cisakwerepo. Kafunanso ndowa yodzala kamodzi kapena kawiri pa mlungu, osati kuwaza timadzi tsiku ndi tsiku. Pakuti madzi ocepa aitanira mizu pamwamba, koma madzi ambiri aitsogolera pansi pamene pali cinyezi.

Tsono taona anthu awiri: wina apha ndi madzi pa cisanu, wina apha ndi ludzu pa cirimwe. Tingayese kuti asiyana, koma nthenda yao ndi imodzi. Onse awiri sayang'ana kamtengo, ayang'ana mtima wao wokha. Woyamba apatsa cifukwa kupatsa kumkondweretsa. Waciwiri aleka cifukwa cikondwerero ca tsiku lobzala catha. Cifundo coona cifunsa, Kodi ici cisowa ciani lero? ndipo yankho lace lisintha ndi nyengo.

Mau awa atikhudza ife akubala. Pali ana amene tiwasunga mumthunzi kufikira atamera ndebvu, osawagwiritsa khasu, osawakaniza kanthu. Tsiku limene ife tidzacoka, dzuwa la dziko lidzawawaula. Palinso ana amene tinakondwera nao pobadwa, koma pofika pa msinkhu wa unyamata ndi unamwali, ndiwo cirimwe ca moyo wao, tiwasiya opanda mpanda ndi opanda wakuwafunsa kumene acokera.

Inde, cifundo cingathe kupha, cikakhala copanda maso. Cifukwa cace mawa, tisanasenze mtsuko, tiyambe tawerama ndi kupisa cala m'dothi.