Kodi filimu ya woyimba wakufa ionetse ciyani?

Azagaia, woyimba hip hop wa ku Namaacha, anamwalira pa 9 Marici 2023. Mu 2008, nyimbo yake ya Povo no Poder inacititsa kuti akuluakulu a zamalamulo amuitane kukamufunsa mafunso. Lero tonse tikumutama.

Ine monga woulutsa mawu pawailesi, ndimafunsa: wojambula filimu ya moyo wake asankhe ciyani? Akaonetsa misozi ya pamaliro yokha, nasiya mawu ake oluma okhudza umphawi ndi katangale, ndiye kuti wamuika m'manda kaciwiri.

Abale anga a ku Assumane, wakutsina khutu ndi mnansi. Kulemekeza wakufa ndiko kumulola alankhulebe, ngakhale mawu akewo akutidzudzula ife tomwe tikuonera.